Loko ya kabati ya m'mbali mwa galimoto ikakana: fufuzani musanakanule chitseko

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo moti sipanala yosiyidwa panja sinkagwirika ndi manja, pagalaja pathu ku Nchalo panaima galimoto ya mtundu uja wogonamo, yokhala ndi bedi, mbaula ndi thanki ya madzi m'kati, imene eni ake amati motorhome. Anali bambo ndi mayi achikulire ochokera ku Joni, atagona ku Lengwe, ulendo wa ku Majete. Kabati ya kunja, ya m'munsi kumbali ya dalaivala, inali itakana kutseguka m'mawa, ndipo m'menemo ndi mmene munali jeke, paipi ya madzi ndi chingwe cha magetsi. Pofika kwa ife n'kuti vutolo litabereka linzake. Munthu wina wowafunira zabwino panjira anali atalowetsa chitsulo chochotsera matayala m'mphepete mwa chitseko n'kukanula. Chitseko chinatsegukadi, koma felemu ya aluminiyamu inapindika, labala inang'ambika, ndipo pakona panatsala mpata wolowa chala.

Nditayang'ana kuseri kwa chitsekocho ndinamva chisoni. Loko inali yamoyo. Kasikuluwu kamodzi, kochepa ngati njere ya chimanga, kanali katamasuka, lilime la loko likungolendewera. Ntchito ya mphindi zisanu inasanduka ya tsiku lonse, kuwongola felemu pang'onopang'ono ndi nyundo ya labala, ndipo chitsekocho sichinabwerere mwakale ndithu.

Magalimoto ogonamo si ambiri kuno ku Chigwa cha Shire, koma loko yomweyi ili ponseponse: pa mabuti a m'mbali mwa mabasi ena, pa mabokosi a zipangizo a malole onyamula nzimbe ndi thonje, pa makanope a mapikiapu, pa magalimoto a chipatala choyendayenda, ngakhale pa zitseko za majenereta. Pa maloko amene ndawagwira, ambiri amene eni ake amati afa amakhala akungodwala. Ndipo ambiri amene amasinthidwa amafanso posakhalitsa, chifukwa chimene chinapha yoyamba chija sichinachotsedwe.

Dziwani kaye chimene mukulimbana nacho

Loko imeneyi m'masitolo amalemba cam lock. Ili ndi thupi lozungulira la mazinga limene limalowa pabowo la chitseko n'kumangidwa ndi nati yaikulu kuseri. M'kati mwa thupilo muli mtima, amakaniko timati barrel, umene kiyi amalowamo. Mu mtimamo muli tizitsulo tapyapyala tingapo tokankhidwa ndi timasipuling'i tochepa ngati tsitsi; kiyi woyenera akalowa, tizitsuloto timafolera mofanana, mtima n'kutembenuka. Kumapeto kwa mtima kuli lilime, kachitsulo kamene kamakakola kuseri kwa felemu, komangidwa ndi kasikuluwu kapena kanati kakang'ono. Pakati pake pamakhala kawasha kodulidwa mbali imodzi, kamene kamaletsa kiyi kuzungulira kupitirira pamene ayenera kuima.

Zonse ndi zimenezi: thupi, nati, mtima, lilime, kawasha. Kenaka pali chitseko chenichenicho, mahinjesi ake ndi labala yake. Vuto lililonse limakhala pa chimodzi mwa zimenezi, ndipo mmene kiyi akuchitira m'dzanja lanu ndi mmene mumadziwira kuti ndi chiti.

Kiyi sakulowa, kapena akulowa theka

Apa mdani ndi dothi. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku East Bank kapena misewu ya m'minda ya ku Ngabu nthawi ya chilimwe amalidziwa fumbi lathu, losalala ngati ufa woyera. Kabati ya m'munsi imakhala kumbuyo kwa tayala, pamene fumbi lonse limathera. Mvula ikagwa, dothi la makande limamatirira pakamwa pa loko, likauma n'kulimba ngati simenti. Galimoto ikaima milungu ingapo, mavu aja owumba zisa za dothi amapezanso nyumba pabowo la kiyi. Ndinatulutsamo kale chisa chathunthu, mphutsi ili momwemo.

Musakankhe kiyi mwamphamvu, mukungosindira dothilo m'kati. Tengani singano kapena kawaya kopyapyala mutokose pang'onopang'ono, kenaka mupemerere ndi pompi ya njinga kapena mpweya wa kompulesa. Mukatero thiranimo mankhwala opopera omasula dzimbiri otchedwa WD-40 kapena madontho a parafini, lowetsani kiyi, tulutsani, pukutani pansanza, bwerezani. Mudzaona kiyi akutuluka wakuda bii. Pitirizani mpaka azituluka woyera. Pemererani kachiwiri kuti m'kati muume.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Loko ikayamba kuyenda, amaithira oyilo wa injini, ena girisi, ena mafuta ophikira. Sabata yoyamba imayenda bwino kwambiri. Sabata yachitatu fumbi lakumana ndi mafuta aja, lasanduka phala, timasipuling'i tija sitingathenso kukankha kanthu. Kuno loko imafuna chofewetsa chouma. Chabwino ndi ufa wa graphite, ndipo ngati mulibe, mtima wa pensulo ndi graphite yemweyo wosakaniza ndi dongo pang'ono. Palani pensulo yofewa m'mano a kiyi mpaka ade, lowetsani ndi kutulutsa kangapo. Chitani zimenezi loko itauma, chifukwa graphite akakumana ndi mafuta nayenso amachita phala.

Kiyi walowa yense koma sakutembenuka

Musanaganize za loko, kankhani chitseko ndi bondo kapena chikhatho pafupi ndi loko, kwinaku mukutembenuza kiyi. Nthawi zambiri imatseguka pomwepo. Chimene chachitika n'chakuti katundu wa m'kati, jeke kapena chigubu, wasuntha pa mabampu n'kutsamira chitseko, ndiye lilime lapanikizika pa felemu. Kutentha nako kumathandizira. Masana a Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, chitseko choyang'ana kudzuwa chimafufuma ndi kupindika pang'ono. Loko yokana 2 koloko masana imatha kutseguka bwinobwino m'mamawa. Ngati simuli pachangu, imikani galimoto pamthunzi wa mtondo kapena wa nimu, mudikire.

Zikakanika, yesani kiyi wapadera. Kiyi amene wakhala zaka m'thumba limodzi ndi makobidi amatha mano. Muikeni pambali pa mnzake wosagwiritsidwa ntchito, muone ngati nsonga za mano zafafanizika, kapena ngati wapindika. Kiyi wotha nthawi zina amatsegula mukamubweza kunja pang'ono, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, n'kumugwedeza mofatsa. Akatsegula motero, musamubwezere m'thumba ngati palibe chachitika. Kadulitseni wina kuchokera pa kiyi wabwino uja, osati pa wothayo, chifukwa makina odulira amakopera ndi kutha komwe.

Chachitatu ndi dzimbiri, ndipo la maloko amenewa silifiira. Thupi ndi mtima wa maloko otchipa amaumbidwa ndi zinki, kunja n'kupakidwa zonyezimira. Zinki akadyeka amatulutsa ufa wotuwa umene umamata mtima ku thupi. Mukaona zotuwatuwa kapena matuza pankhope ya loko, ndi zimenezo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo galimoto yotsukidwa ndi madzi amenewo sabata ndi sabata imadyetsa maloko ake mchere. Magalimoto amene anaima m'madzi nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anabwera kwa ife patapita miyezi, maloko onse a m'munsi atauma gwa. Yoteroyo ithireni WD-40 madzulo, igone, m'mawa muigogode pang'ono pankhope ndi chogwirira cha sikuludalaiva, muyese kiyi uku ndi uku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene simuyenera kuchita ndi kugwira kiyi ndi pulayazi. Zala zanu zikalephera, pulayazi sitsegula loko, imangothyola kiyi.

Kiyi akuzungulira koma chitseko chili chitsekere

Limeneli ndilo linali vuto la alendo anga aja, ndipo pa misewu yathu ndi limene limabwerabwera. Yang'anitsitsani nkhope ya loko pamene mukutembenuza kiyi. Ngati mphete yakunja ikuzungulira limodzi ndi kiyi, nati yaikulu yamasuka ndipo bowo la chitseko ladyeka. Gwirani mpheteyo ndi pulayazi, mutaikulunga kansanza, ikokereni kwa inu pang'ono, kenaka tembenuzani kiyi. Kawirikawiri imatseguka.

Ngati mphete ili chiimire koma kiyi akuzungulira mopepuka ngati alibe chonyamula, lilime lamasuka ku mtima koma likadali kuseri kwa felemu. Tengani mpeni wa sowo yodulira zitsulo, kapena kachitsulo kena kapyapyala, mukalowetse pakati pa chitseko ndi labala pafupi ndi loko. Fufuzani mpaka mukhudze lilime, kenaka likankheni kumbali imene limapita potsegula. Kuti mudziwe mbaliyo, tsegulani kabati ina ya galimoto yomweyo muone mmene lilime lake limayendera. Labala mwina ikalika pang'ono, koma felemu ikhala yosapindika.

Kiyi wathyokera m'kati

Musalowetse chidutswa chotsalacho kuti mukankhe nacho, ndipo musayese kumata ndi guluu; guluu akalowa mu mtima, lokoyo yatha. Bwezerani mtima pamalo pamene kiyi amatulukira, pogwiritsa ntchito kasikuludalaiva kakang'ono, chifukwa uli chotembenuka chidutswacho sichingatuluke. Kenaka pezani kampeni ka sowo kopyapyala kwambiri, kathyoleni kuti kalowe m'mbali mwa chidutswacho mano ake atayang'ana kwa inu, kakoleni n'kukoka. Mbedza yaing'ono ya nsomba yowongoledwa imagwiranso ntchitoyi. Nsonga ikangotulukira, igwireni ndi kapulayazi kosongoka.

Polowa pena musanaboole

Zonsezi zikakanika, funsani kaye ngati kabatiyo ili ndi khomo lina. Pa magalimoto ogonamo ambiri, kabati ya kunja imakhala pansi pa bedi kapena pansi pa mpando wa m'kati. Mukanyamula matiresi ndi thabwa lake mumaona kuseri kwa chitseko, n'kumasula lilime ndi sikuludalaiva. Alendo aja anali akugona pamwamba pa loko yawo usiku uliwonse. Pa mabokosi a malole yang'anani mahinjesi: ngati ali kunja, kuboola mitu ya maliveti atatu kapena anayi n'kudzaika ena n'kotchipa kusiyana ndi chitseko chatsopano.

Kuboola loko ndi njira yomaliza, koma si yoopsa mukaichita bwino, ndipo imaposa kukanula kutalitali. Loko ndi yogulika, chitseko cha motorhome simudzachipeza m'sitolo ya ku Blantyre.

Koma imani kaye, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Dziwani chimene chili m'kabatimo. Magalimoto ogonamo amakhala ndi kabati ya silinda ya gasi wophikira, ndipo gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya. Akamadontha sauluka, amakhala pansi. N'chifukwa chake kabati ya gasi imakhala ndi kabowo pansi kotulutsira, kamene sikayenera kutsekedwa. Gwadani mununkhize pa kabowoko ndi m'mphepete mwa chitseko. Mukamva fungo la gasi, musayandikize dilu, gilayinda, fodya kapena moto uliwonse. Zimitsani zonse za m'galimoto, ikankhireni pabwalo pamene pali mphepo, ndipo mutsegule ndi manja okha, kudzera ku kachitsulo kapyapyala kaja kapena pomasula masikuluwu a mahinjesi. Kabati ya mabatire nayo ndi chimodzimodzi: batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya woyaka, ndipo nsonga ya dilu ikapyola n'kukhudza mitu yake mudzaona moto. Kabati ya zigubu za petulo sindinenanso. Gilayinda musaigwiritse ntchito pa loko ya kabati ina iliyonse. Imalavula moto ndipo imawotcha penti ndi fayibala.

Mukatsimikiza kuti m'kati mulibe choyaka, matani tepi kuzungulira loko kuti dilu ikaterereka isakande chitseko. Yezani pa kabati inzake kutalika kwa loko, muike chizindikiro cha tepi pa nsonga ya dilu kuti musapyole n'kukaboola katundu. Yambani ndi nsonga ya mamilimita 4, molunjika pabowo la kiyi, makina akuyenda pang'onopang'ono. Zinki ndi wofewa, safuna mphamvu. Mnzanu agwire mphete ya loko ndi pulayazi kuti isazungulire n'kukuza bowo la chitseko. Sinthani muike ya mamilimita 6, kenaka 8. Mudzamva tizitsulo tija tikuphwanyika kumodzikumodzi. Gwedezani zinyenyeswa zituluke, lowetsani sikuludalaiva yaphwatalala, tembenuzani. Ikakana, pitirizani kuboola mpaka kasikuluwu ka kumapeto kaduke, lilime ligwere m'kati. Valani magalasi, kanyenyeswa ka zinki m'diso kadzakutengerani ku chipatala cha boma ku Chikwawa.

Maloko a magalimoto ochokera ku Ulaya ndi osiyana pang'ono. Ambiri, monga opangidwa ndi makampani a Zadi ndi FAP, ali ndi thupi la pulasitiki ndi mtima wochotseka. Pali kiyi wapadera wozulira mtimawo, ndipo pa ena, chitseko chikakhala chotsegula, mumakanikiza kachitsulo ka kumapeto kwa mtima kuchokera kuseri n'kuukankhira kunja. Ubwino wake ndi wakuti thupi likasweka, pakuti pulasitiki imauma ndi dzuwa lathuli, mutha kusamutsa mtima wakale n'kuuika m'thupi latsopano, kiyi n'kukhala yemwe uja. Choncho musathamangire kuboola mtima ngati chosweka ndi thupi.

Yezani musanakwere phiri

Kuchoka ku Nchalo kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 80, kudutsa pa Kamuzu Bridge, pa Thabwa, n'kukwera phiri lonse lija. Wa ku Nsanje ulendo wake ndi woposa kuwirikiza. Ndaona anthu akupita kawiri chifukwa cha loko imodzi, poti anangouza mnyamata wa m'sitolo kuti "ndipatseni loko ya kabati" n'kulandira imene inali pafupi.

Njira yosalakwa ndi kunyamula loko yakale yonse, ndi lilime lake, ndi kawasha kake, m'kapepala ka pulasitiki. Ngati mukutuma munthu, kapena mukuitanitsa kunja, jambulani lokoyo ili pambali pa rula ndipo mulembe zinthu izi. Bowo la chitseko: pa maloko wamba limakhala la mamilimita pafupifupi 19, koma si lozungulira lonse, mbali ziwiri ndi zophwatalala, pafupifupi mamilimita 16 pakati pake, ndipo mbali zimenezi ndi zimene zimaletsa loko kuzungulira. Kutalika kwa thupi, kuyambira pansi pa mphete mpaka pamene lilime limakhala: mumapeza a mamilimita 16, 20, 25 ndi 30, ndipo opimidwa m'mainchesi amalembedwa 5/8, 7/8 kapena 1 1/8. Lalifupi silisiya malo a nati, lalitali limasiya lilime kutali ndi felemu, chitseko n'kumagwedera. Kenaka lilime: kutalika kwake kuchokera pakati pa bowo lake mpaka kunsonga, maonekedwe a bowolo, komanso ngati ndi lowongoka kapena lopindika ngati sitepe. Lilime lakale likakhala labwino lisungeni, chifukwa nthawi zambiri limakwana pa loko yatsopano, ndipo ndi limene linapimidwira chitseko chimenecho.

Posankha, inyamuleni m'dzanja. Yopepuka kwambiri, ya mazinga osaoneka bwino, isiyeni. Mukapeza ya chitsulo chosachita dzimbiri, kapena yokhala ndi kachitseko kotseka bowo la kiyi, kapena kachipewa ka labala, lipirani ndalama yoonjezerayo. Kuno kachipewa kameneka kamatalikitsa moyo wa loko kuposa mankhwala alionse. Yang'ananinso nambala ya pa kiyi. Kiyi wolembedwa CH751 amatsegula makabati ambirimbiri a magalimoto ogonamo a ku America ndi mabokosi ena a zipangizo, choncho loko ya nambala imeneyo imaletsa chitseko kutseguka pamsewu koma siiletsa wakuba. Ngati makabati ndi angapo, pemphani maloko a kiyi mmodzi, mugule ndi imodzi yapadera yosunga m'galimoto. Nambala ya kiyi ilembeni m'foni.

Podikira loko yatsopano, chitseko chisayende chomangidwa ndi chiyembekezo. Pa M1 pakati pa Dyeratu ndi Bangula m'mphepete mwa msewu mumakhala modzaza a kabaza, amayi osenza mitolo ndi ana a sukulu, ndipo chitseko cha m'munsi chikatseguka galimoto ikuthamanga chimakhala pa msinkhu wa bondo la munthu wapanjinga. Tulutsani katundu wolemera, mangani chitsekocho ndi lamba kapena chingwe cha chubu chozungulira pa chinthu cholimba. Tepi yokha imamatuka ndi dzuwa.

Kuika yatsopano

Ntchito iyi ndi yachidule. Pukutani pabowo, muone ngati mbali zophwatalala zija zikadalipo. Ikani kalabala kopyapyala pansi pa mphete, kapena silikoni pang'ono, kuti madzi asalowe m'kati mwa chitseko. Lowetsani thupi mutaonetsetsa kuti bowo la kiyi laima mofanana ndi la makabati ena. Mangani nati ndi zala, kenaka muonjezere pang'ono ndi sipanala, kawirikawiri ya 22. Pang'ono ndithu. Chitseko cha motorhome ndi zikopa ziwiri zopyapyala za aluminiyamu kapena fayibala, pakati pali thovu louma kapena pulayiwudi. Mukamanga ngati nati ya tayala mumachifinya, chimabonyoka, mawa nati yamasukanso. Mazinga a zinki nawo sachedwa kupululuka.

Ikani kawasha koimitsa kaja, kenaka lilime. Yesani chitseko chili chotsegula: kiyi azitembenuka mpaka poima, lilime liziloza kumene kuli felemu, ndipo kiyi azituluka loko ili yokhoma. Ngati lilime likupita mbali yolakwika, tembenuzani kawasha. Musatseke chitseko musanayese zimenezi katatu, kuopa kuboola loko yatsopano tsiku lomwelo.

Pa kasikuluwu ka lilime ndi pa nati yaikulu donthezani mankhwala ogwiritsa mazinga, Loctite ya buluu, nambala 243. Yofiira ayi, imeneyo pomasula imafuna moto. Ngati mulibe, dontho la penti ya m'zikhadabo limagwira ndithu. Kadontho kameneka ndi kamene kanasowa pa loko ya alendo aja.

Tsopano tsekani chitseko mutapanira kapepala pakati pa chitseko ndi labala, mukhome, mukoke pepalalo. Lizituluka mokanirira. Likangosolokamo, lilime lili kutali: tembenuzani lilime lopindika lija liyang'ane mbali inayo, kapena lichotseni mulipinde pang'ono pa vayisi. Musalipinde lili pa loko, mudzathyola mtima. Ngati pokhoma mukuchita kukankha ndi bondo, lathina kwambiri, ndipo kiyi ameneyo sadzatha miyezi asanathyoke. Yesani pepalalo mbali zonse zinayi.

Ikafanso, vuto si loko

Mlamu wanga amayendetsa lole yonyamula thonje kuchokera m'misika ya ku Ngabu. Nyengo ina anasintha loko ya bokosi la zipangizo katatu. Atabwera kachinayi anali atakwiya.

"Alamu, maloko a masiku ano ndi zidole. Ndipezereni yachitsulo yeniyeni, ndalama si vuto."

Ndinamuuza kuti atsegule chitsekocho theka, ndinachigwira kunsonga n'kuchinyamula m'mwamba. Chinakwera pafupifupi chala chathunthu, n'kugwa, khwa. Maliveti a hinjesi ya pamwamba anali atadya mabowo awo mpaka kukhala ngati dzira. Kulemera konse kwa chitseko, pa bampu lililonse la msewu wa fumbi, kunkagwera pa lilime la loko. Pa felemu panali mzere wonyezimira pamene lilime linkakhula, wakuya moti chikhadabo chinkakodwamo.

"Ndiye maloko atatu aja anali abwinobwino?"

"Anali abwino, alamu. Munkawasenzetsa chitseko."

Tinaboola maliveti akalewo, tinaika mabawuti ang'onoang'ono okhala ndi manati a pulasitiki m'kati, aja osamasuka okha, ndi kachitsulo kolimbitsa kuseri. Loko yachinayi inali ya mtengo womwe uja.

Choncho loko ikafa kachiwiri pamalo amodzimodzi, yesani kunyamula chitseko monga ndinachitira. Yang'anani labala: dzuwa la kuno limaiumitsa mpaka kuphwatalala ndi kung'aluka, ndipo labala yakufa imasiya chitseko chikunjenjemera ulendo wonse, kunjenjemerako n'kumamasula nati. Isintheni, ndi yotchipa. Yang'anani bowo la loko: ngati lasanduka lozungulira, loko iliyonse idzazunguliramo. Dulani kachitsulo kapyapyala ka aluminiyamu kokula ngati bokosi la machesi, kabooleni, mukonze bowolo ndi tupa mpaka likhale ndi mbali ziwiri zophwatalala zokwana loko yanu, kenaka mukakhomere kuseri kwa chitseko ndi maliveti awiri. Kanikizaninso chitseko ndi chala kuzungulira loko. Ngati chikubonyoka ngati buledi, madzi analowa ndipo pulayiwudi ya m'kati inawola. Kokotani chowolacho, muumitse padzuwa, mulowetsemo kathabwa kolimba, apo ayi nati ilibe pogwira. Pomaliza onani mmene mumalongedzera: jeke ndi zitsulo zikhale mkati kwenikweni, zomangidwa, osati zotsamira chitseko.

Ine maloko a m'munsi ndimawatsuka kawiri pachaka, mu Novembala mvula isanayambe ndi mu Epulo ikatha, ndipo nthawi yomweyo ndimayesa nati iliyonse ndi zala. Otsuka galimoto ndimawauza kuti asalunjikitse paipi pabowo la kiyi. Pa loko zopanda kachipewa, tikamalowa msewu wa fumbi wa ku Majete kapena wa ku Makhuwira, ndimamata kachidutswa ka tepi yakuda ya magetsi pakamwa pake, n'kupinda nsonga imodzi kuti pomatula pakhale pogwira.